Lipoti la Ntchito: Intaneti ya pa Waya wa Telefoni Yomwe Inkaduka Madzulo pa Boma la Mangochi

Lipoti ili likufotokoza vuto la intaneti ya ADSL (intaneti yodzera pa waya wa telefoni ya pansi) lomwe ndinagwirapo ntchito pa ofesi ina yaing'ono pa Boma la Mangochi m'nyengo ya dzinja. Ndalilembera makamaka anzanga amene akuphunzira ntchito ya mawaya a telefoni ndi makompyuta, komanso eni mabizinesi omwe akadali ndi lamya ya pansi, chifukwa vutoli linaonetsa poyera kuti liwiro la intaneti ya mtundu umenewu limadalira thanzi la waya wa kopa, ndipo thanzilo limawerengeka m'manambala omwe modemu iliyonse (kabokosi kolumikiza makompyuta ku waya wa telefoni) imasunga. Dzina la ofesi, la mwini wake ndi la kampani yopereka intaneti sinditchula.

Malo ndi dandaulo

Ofesiyi imalembera anthu makalata pa kompyuta, imasindikiza, imafotokopa, ndiponso imathandiza anthu kutumiza mafomu ofunsira ntchito kapena malo a sukulu pa intaneti. Ili mbali ya msewu wopita ku Monkey Bay, pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu kuchokera ku ekisichenji (nyumba ya kampani komwe mawaya onse a telefoni amakumana) tikatsatira njira ya mawaya. Muli makompyuta ochepa, makina osindikizira, makina akale a fakisi, lamya ziwiri, ndi inverter yokhala ndi mabatire yomwe imayaka magetsi akazima. Mwini wake, mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito ya ulembi, ankalipira intaneti ya mamegabiti 4 pa sekondi polandira ndi makilobiti 512 potumiza.

Dandaulo lawo linali lomveka bwino. M'mawa intaneti inkayenda, ngakhale mochedwerapo. Dzuwa likangolowa inkayamba kuduka kawirikawiri, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yomwe aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi amabwera ataweruka. Mvula ikagwa, vutolo linkakula kwa tsiku limodzi kapena awiri. Lamya ikalira kapena munthu akainyamula, intaneti inkadukanso, ndipo m'lamyamo munkamveka kuthetheka. Mayiwa anali atagula kale modemu zina ziwiri ku Blantyre poganiza kuti yakaleyo yatopa, koma palibe chinasintha. Atadandaula ku kampani, anthu a kumeneko anayeza waya ali ku ekisichenji nthawi ya m'mawa, ndipo anawayankha kuti waya uli bwino.

Ndinawafunsa funso limodzi lomwe limachepetsa ntchito kwambiri: "Mayi, ikamaduka, ndi kanyali kati pa modemu komwe kamaphethira?" Anandiyankha kuti ndi kolembedwa DSL. Kuti timvetse chifukwa chake yankholi linali lofunika, tiyenera kuona kaye zomwe zimachitika pa waya.

Momwe intaneti imakwerera pa waya wa telefoni

Chomwe timachitchula waya wa telefoni ndi timawaya tiwiri ta kopa topotana, tokhuthala mamilimita 0.4 kapena 0.5, tochokera ku ekisichenji mpaka pa khomo la kasitomala, ndipo kasitomala aliyense ali ndi tiwiri take. Ekisichenji imaikapo magetsi a mavoti pafupifupi 48 ochokera ku mabatire ake, n'chifukwa chake lamya ya pansi imagwirabe ntchito magetsi a m'tauni akazima. Mawu a munthu amayenda pa timawayati ngati mafunde a magetsi obwereza ka 300 mpaka ka 3,400 pa sekondi. Makina a telefoni anapangidwira gawo laling'ono limenelo, koma kopa amatha kunyamula mafunde obwereza kopitirira miliyoni pa sekondi, kungoti mafunde akamathamanga kwambiri amafooka msanga pa mtunda. Modemu zakale zoimbira zinkapanikiza uthenga wa kompyuta m'gawo la mawu lomwelo, motero sizinkapitirira makilobiti 56 pa sekondi, ndipo lamya inkakhala yotsekeka nthawi yonse yomwe munthu ali pa intaneti. ADSL imasiya gawo la pansi kwa mawu n'kugwiritsa ntchito malo onse a pamwamba omwe ankangokhala.

Pa ADSL yoyamba, yomwe bungwe la dziko lonse loona za mauthenga la ITU linavomereza mu 1999 ndi dzina loti G.992.1, uthenga wochoka kwa kasitomala umayenda pakati pa 26 ndi 138 kHz (kHz imodzi ndi mafunde obwereza ka 1,000 pa sekondi), pomwe wobwera kwa iye umayenda kuyambira 138 mpaka 1,104 kHz. ADSL2 inatsatira mu 2002, ndipo ADSL2+ ya mu 2003 inakweza malire a pamwamba kufika 2,208 kHz, zomwe zimalola mamegabiti 24 pa sekondi kwa munthu wokhala pafupi kwambiri ndi ekisichenji. Kusiyana kwa gawo lolandirira ndi lotumizira kunachitika dala. Joseph Lechleider, wa ku Bellcore ku America, anaonetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti mbali ziwirizi zikapanda kufanana, kusokonezana kwa mawaya oyandikana kumachepa ndipo uthenga wambiri umatha kupita mbali imodzi. Ku ekisichenji mawaya mazanamazana amathithikana m'chingwe chimodzi, ndipo uthenga wochokera kwa makasitomala umafika kumeneko utafooka kale, choncho unapatsidwa mafunde a pansi omwe amapirira mtunda.

Chinthu chachikulu chomwe mmisiri ayenera kuchimvetsa ndi njira yogawira uthenga yotchedwa DMT, yomwe John Cioffi wa pa yunivesite ya Stanford anathandiza kwambiri kuikhazikitsa. Malo onse a mafunde amagawidwa m'tinjira ting'onoting'ono, kalikonse kotambalala 4.3125 kHz. ADSL yoyamba ili ndi tinjira 256, ADSL2+ ili ndi 512. Modemu ikayatsidwa, imayamba kukambirana ndi makina a ku ekisichenji otchedwa DSLAM, ndipo awiriwa amayesa kanjira kalikonse kuti aone kuti uthenga ukuposa phokoso motani. Kanjira koyera kamapatsidwa mabiti (timagawo tating'onoting'ono ta uthenga wa kompyuta) ambiri, mpaka 15, kaphokoso kamapatsidwa awiri kapena atatu, ndipo koipiratu kamasiyidwa kopanda kanthu. Mabiti amenewa amatumizidwa ka 4,000 pa sekondi, choncho kanjira konyamula mabiti 10 kamapereka makilobiti 40 pa sekondi, ndipo liwiro lonse ndi kuphatikiza kwa tinjira tonse. Tingayerekeze ndi amalonda owolotsa matumba a chimanga pa Shire ndi mabwato ambiri ang'onoang'ono: bwato lodutsa pa madzi abata limasenzetsedwa kwambiri, lodutsa pa mafunde limasenzetsedwa pang'ono, ndipo katundu wowoloka pa ola amadalira mmene madzi alili tsiku limenelo. Kampani ingathe kuika malire a pamwamba malinga ndi ndalama zomwe kasitomala walipira, koma singathe kukankhira pa waya mabiti oposa omwe wayayo akulola.

Pogawa mabitiwo, makina amasiya mpata wotetezera womwe modemu imaulemba kuti SNR margin, ndipo kawirikawiri umaikidwa pa 6 dB (dB ndi muyeso woyerekezera mphamvu ya uthenga). Phokoso likakwera pang'ono, modemu imasamutsa mabiti kuchoka pa tinjira tovutika kupita pa tabwino popanda kuduka. Likakwera mpaka kudya mpata wonse, zolakwika zimachuluka, makina awiriwa amalephera kumvana, ndipo amayambanso kuyesa tinjira tonse kuchokera pachiyambi. Nthawi imeneyo ndi yomwe kanyali ka DSL kamaphethira. Kuseri kwa DSLAM kuli ulendo wina: uthenga umalowa m'mawaya a fibre kupita ku makina a kampani omwe amatsimikizira dzina ndi mawu achinsinsi a kasitomala, kenako umatuluka m'dziko kudzera ku Mozambique kapena Tanzania mpaka ku zingwe za pansi pa nyanja ya mchere monga SEACOM ndi EASSy. Vuto likakhala kumeneko, kanyali ka DSL kamakhala chiyakire ndipo kolembedwa Internet ndi komwe kamazima. Yankho la mayiwa linatanthauza kuti vuto lili pa makilomita atatu a kopa kapena m'nyumba momwemo.

Zomwe manambala anaonetsa

Ndinalowa pa tsamba la mkati mwa modemu n'kulemba manambala m'mawa, masana ndi madzulo. Nambala yoyamba ndi attenuation, yomwe imanena kuchuluka kwa mphamvu ya uthenga yotayika m'njira. Waya wa mamilimita 0.4 amataya pafupifupi 14 dB pa kilomita imodzi pa mafunde a 300 kHz, choncho pa makilomita atatu ndinkayembekezera 41 kapena 42 dB. Modemu inkaonetsa 52 dB, ndipo nambalayi inkasinthasintha nthawi iliyonse modemu ikalumikizananso, chinthu chomwe sichichitika pa waya wabwino popeza kutalika kwa waya sikusintha. Liwiro lolandirira linkakhala pakati pa megabiti imodzi ndi awiri m'malo mwa anayi. Mpata wotetezera unkayamba pa 7 dB m'mawa, n'kutsika pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 6 koloko madzulo mpaka kufika pansi pa 2 dB, kenako intaneti n'kuduka. Zolakwika zotchedwa CRC, zomwe ndi mitolo ya uthenga yofika itawonongeka moti singakonzeke, zinkafika zikwi zingapo pa ola.

Modemu ina mwa zomwe mayiwa anagula inkatha kujambula chithunzi cha mabiti a pa kanjira kalikonse, ndipo chithunzicho chinathandiza kuposa china chilichonse. Pa waya wabwino mzere umayamba pamwamba kumanzere n'kutsika mosalala kupita kumanja. Apa mzere unali ndi chigwa chachikulu chomwe chinkaoneka usana ndi usiku, ndipo madzulo munkaonekanso timipata topyapyala tambiri pamwamba pa 500 kHz, tomwe m'mawa sitinalipo. Zizindikiro ziwirizi zinandiuza kuti mavuto ndi oposa limodzi.

Kuti ndilekanitse za m'nyumba ndi za kunja, ndinamasula mawaya onse a m'ofesi pa kabokosi komwe waya wa kampani amalowera, n'kulumikiza modemu pomwepo ndi kawaya kakafupi. Chigwa chachikulu chija chinazimiririka, attenuation inatsika pang'ono, ndipo mpata unakwera ndi 3 dB. Koma madzulo timipata tija tinabwereranso, ndipo nditaika lamya yoyesera ndinamvabe kuthetheka. Ndimalimbikitsa aliyense kuyamba ndi mayeso amenewa, chifukwa safuna chida chodula ndipo amathetsa mkangano wa pakati pa kasitomala ndi kampani woti vuto ndi la yani. Pano linali la mbali zonse ziwiri.

Za m'nyumba

Choyamba chinali chapafupi: makina a fakisi ndi lamya ya ku chipinda cha kumbuyo zinalibe sefa. Sefa ndi kabokosi kakang'ono kolola mafunde a pansi okha kufika pa lamya. Lamya yopanda sefa ikanyamulidwa kapena ikalira, imasintha mwadzidzidzi mmene waya akuonekera kwa modemu, kotero mabiti omwe anagawidwa kale sagwirizananso ndi mmene zinthu zilili. Apo ndi pomwe panachokera kuduka kwa nthawi yomwe lamya yalira.

Chachiwiri chinali mu siling'i. Amene anawonjezera soketi ya ku chipinda cha kumbuyo anagwiritsa ntchito waya wamba wa magetsi wosapota, ndipo anamuyendetsa mamita angapo mogundana ndi waya wochokera ku inverter. Panalinso waya wina wautali wopita ku soketi yakale yomwe inatsekedwa pomanga khoma, ndipo nsonga yake inangosiyidwa yosalumikiza ku chilichonse. Kwa lamya, nthambi yotereyi siivulaza kanthu. Kwa ADSL ndi yoopsa, chifukwa mafunde amalowa m'nthambiyo, amagunda pa nsonga n'kubwerera, ndipo pa mafunde ena obwererawo amafafaniza uthenga weniweni. Chigwa chachikulu chinkachokera pamenepo.

Phokoso la inverter ndinalipeza ndi wailesi wamba ya mabatire. Ndinaiika pa AM pamalo opanda siteshoni cha pa 612 kHz, chifukwa malo amenewo ali pakati pa gawo lolandirira la ADSL, ndipo chomwe wailesi ikumva ndi chomwe modemu nayonso ikumva. Magetsi a m'tauni ali oyaka munkamveka kaphokoso kochepa, kochokera ku chaja ina ya foni yotsika mtengo yomwe inkakhala pa soketi tsiku lonse. Titazimitsa swichi yaikulu kuti inverter iyake, wailesi inalira mwamphamvu, makamaka ndikaiyandikiza ku waya wa mu siling'i uja, ndipo mpata wotetezera unatsika nthawi yomweyo. Zida zoterezi zimadula ndi kuyatsa magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo zikakhala zosatchingidwa bwino zimamwaza phokoso pa mafunde omwewo omwe ADSL imagwiritsa ntchito.

Za kunja

Mabokosi a pa mapolo ndi a kampani, ndipo mmisiri wapadera ngati ine alibe chilolezo chowatsegula. Ndinalemba manambala onse pa pepala, mayiwa n'kukapereka dandaulo lachiwiri lopempha kuti mmisiri wa mawaya abwere masana, makamaka tsiku lotsatira mvula. Amene anabwera anali bambo wodziwa ntchito yake, ndipo ataona pepalalo sanatsutse kanthu.

Tinayeza zinthu ziwiri ndi multimeter (chida choyezera magetsi) ndi chida chake choyezera chikopa cha waya. Waya wa mamilimita 0.4 amakaniza magetsi ndi ma ohm pafupifupi 275 pa kilomita tikawerengera kupita ndi kubwerera, choncho pa makilomita atatu payenera kupezeka pafupifupi 820, ndipo timawaya tiwiri tija tiyenera kugawana nambalayi mofanana, kusiyana kwake kusapitirire ma ohm ochepa. Apa kamodzi kankaposa kanzake ndi ma ohm makumi angapo, ndipo nambalayo inkavina mphepo ikagwedeza mawaya. Titayeza kutayika kwa magetsi kupita ku nthaka, kawaya komweko kanaonetsa pansi pa megaohm imodzi (ma ohm miliyoni), pomwe kanzake kanali pamwamba kwambiri monga zimafunikira.

Titatsatira mapolo tinapeza malo awiri. Pa polo lapafupi ndi ofesi, chivindikiro cha bokosi chinali chitathyoka, mavu anali atamangamo chisa cha dothi chomwe chinkasunga chinyezi, ndipo zomangira zinali ndi dzimbiri lobiriwira. Patsogolo pake panali chigawo cha waya chomwe chinaikidwa akuba atadula chakale, ndipo amene anachiika analumikiza nsonga pongozipota ndi manja n'kukulunga tepi yakuda. Kutentha kwa kuno ku Mangochi kumasungunula ulimbo wa tepi yotere m'miyezi yochepa, madzi amalowa, ndipo kopa amayamba kudyeka. Kuba mawaya a kopa kwasautsa kwambiri ntchito ya lamya za pansi m'dziko muno, ndipo chomwe anthu saona n'chakuti ngakhale waya abwezeretsedwe, malo aliwonse olumikizira mwachangu amakhala chilonda chomwe chidzavutitsa makasitomala kwa zaka.

Funso lomwe latsala ndi lakuti, n'chifukwa chiyani vuto linkakula madzulo? Yankho lili pa kupota kwa timawaya tiwiri tija. Phokoso lochokera kunja limagwera pa tonse tiwiri mofanana, ndipo modemu imawerenga kusiyana kwa magetsi pakati pa kamodzi ndi kanzake, choncho phokoso lofanana limadzifafaniza lokha. Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha timawayato tikhale tofanana pa zonse. Kamodzi kakakhala ndi dzimbiri kapena kakamataya magetsi ku nthaka kudzera m'chinyezi, kufananako kumatha, ndipo waya yense amasanduka mlongoti wa wailesi wa makilomita atatu. Mawailesi a AM amaulutsa pakati pa 531 ndi 1,602 kHz, momwemo momwe ADSL imalandirira uthenga. Masana, gawo la pansi la mlengalenga wa ionosphere limameza mafunde amenewa, koma dzuwa likalowa gawolo limazimiririka ndipo mafunde a masiteshoni a maiko akutali amagunda pamwamba n'kutsikiranso pansi. Aliyense amene anakulira pa wailesi ya AM amadziwa kuti masiteshoni akutali amamveka usiku. Timipata topyapyala ta pa chithunzi tinali masiteshoni amenewo, kalikonse pa malo ake.

Izi zikufotokozanso chifukwa chake mayeso a kampani sanapeze kanthu. Anachitika m'mawa kouma, phokoso la wailesi kulibe, ndipo anali mayeso a magetsi wamba omwe amaona ngati waya waduka kapena wagundana. Kuwonjezera apo, magetsi amphamvu oliza lamya kapena oyezera amatha kuboola kadzimbiri ka pa malo olumikizira, malowo n'kuoneka abwino kwa maola angapo. Sindikuona kuti amene anayezawo ananama, koma ndikuona kuti dandaulo lonena za nthawi inayake ya tsiku liyenera kuyezedwa pa nthawi yomweyo.

Zomwe tinakonza

Mmisiri wa kampani anadula nsonga zonse zodyeka mpaka pa kopa wowala, n'kulumikizanso ndi timabatani topanira tokhala ndi mafuta otchinga madzi. Anasintha bokosi la pa polo, anaika waya watsopano wotsikira ku ofesi, ndipo anamupinda pang'ono pansi asanalowe m'khoma kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsatira waya kulowa m'kabokosi.

M'nyumba, m'malo moika sefa pa lamya iliyonse, ndinaika splitter imodzi pa malo olowera, yomwe imagawa waya pawiri: mbali ya mawu kupita ku lamya zonse ndi fakisi, mbali ya intaneti kupita ku modemu yokha. Njirayi ndimaikonda pa maofesi chifukwa munthu akadzawonjezera lamya ina mawa, sadzasokoneza kanthu ngakhale asadziwe za sefa. Kuchokera pa splitter kupita ku modemu ndinakoka waya wa Cat5 wopota, kutali ndi mawaya a magetsi ndi masentimita osachepera 30, ndipo pomwe panafunika kudutsana ndinawadutsitsa mopingasa. Nthambi yakufa ija ndinaichotsa, inverter tinaisamutsira ku chipinda china, ndipo chaja ija tinaitaya.

Tinapemphanso kampani kuti isinthe zinthu ziwiri pa DSLAM. Choyamba, kukweza mpata wotetezera kuchoka pa 6 kufika pa 9 dB, popeza waya anali ndi mphamvu yokwanira kunyamula mamegabiti anayi ngakhale atasiya mpata waukulu. Chachiwiri, kuyatsa interleaving. ADSL imawonjezera pa uthenga manambala okonzera zolakwika a mtundu wa Reed-Solomon, omwe amatha kukonza mabaiti ochepa owonongeka pa mtolo uliwonse. Phokoso ladzidzidzi, monga la chiphaliwali chakutali kapena la firiji ikamayaka, limawononga mabaiti ambiri otsatizana nthawi imodzi, oposa omwe angakonzeke. Interleaving imasakaniza mabaiti a mitolo yosiyanasiyana asanatumizidwe, kotero phokoso likagunda, mtolo uliwonse umangotaya pang'ono pomwe pangathe kukonzeka. Mtengo wake ndi kuchedwa kwa mamilisekondi angapo mpaka makumi angapo, komwe osewera magemu a pa intaneti amadana nako, koma kwa ofesi yotumiza mafomu sikuoneka n'komwe.

Pomaliza ndinaika chotetezera ku mphezi pa malo olowera waya, cholumikizidwa ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Ndinawauzabe mayiwa kuti mvula ya mabingu ikayandikira azizula waya wa telefoni pa modemu, chifukwa modemu zambiri zomwe ndaziona zitapsa kuno kunyanja zinapsera mbali ya waya wa telefoni, ndipo palibe chotetezera chomwe chingapirire mphezi yogunda pa polo lapafupi.

Zotsatira ndi zomwe zatsala

Titamaliza, attenuation inakhazikika pa 43 dB, yomwe ikugwirizana ndi kutalika kwa waya. Modemu inalumikizana pa makilobiti 4,096, malire a zomwe mayiwa amalipira. Mpata wotetezera unkakhala pafupifupi 14 dB m'mawa ndi 11 dB usiku, kusonyeza kuti phokoso la madzulo likadalipo koma silikufika poopsa. Zolakwika za CRC zinatsika kufika pa zochepa pa ola, kuthetheka kwa m'lamya kunatha, ndipo nditabwerera patapita milungu ingapo ya mvula, buku la mkati mwa modemu linaonetsa kuti inaduka pokhapokha pomwe anthu anaizimitsa okha. Modemu yomwe tinaisiya ikugwira ntchito ndi yakale ija, yomwe inkaganiziridwa kuti yatopa.

Mayiwa anafunsa chifukwa chake kompyuta imalemba 440 potsitsa fayilo pomwe iwo amalipira 4,096. Mbali ina ya yankho ndi yakuti kampani imawerenga mabiti pomwe kompyuta imawerenga mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Mbali inayo ndi yakuti ADSL imanyamula uthenga m'timitolo ta mabaiti 53, momwe 48 okha ndiwo katundu ndipo 5 ndi adiresi, kuphatikizapo zolemba zina zotsogolera uthenga pa ulendo wake. Zonsezi zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri, choncho makilobaiti 430 mpaka 450 pa sekondi ndiye liwiro lonse lomwe angayembekezere.

Chomwe sitinathe kusintha ndi mbali yotumizira. Ofesiyi imatumiza zikalata zojambulidwa zambiri, ndipo pa makilobiti 512 fayilo ya mamegabaiti asanu imatenga pafupifupi mphindi imodzi ndi theka. Kutumiza kukadzaza, ngakhale kutsegula masamba kumachedwa, chifukwa timauthenga totsimikizira kuti katundu wafika timakhala pamzere kumbuyo kwa fayiloyo. Limeneli si vuto la waya, ndi mmene ADSL inapangidwira, ndipo ngakhale ADSL2+ kawirikawiri sipitirira kwenikweni megabiti imodzi potumiza. Ndinawaonetsa ogwira ntchito kujambula masatifiketi pa 150 kapena 200 dpi (timadontho ta chithunzi pa inchi) m'malo mwa 600, mopanda mitundu pomwe mitundu sikufunika, zomwe zinachepetsa mafayilo kangapo popanda kuwononga kuwerengeka kwa zilembo.

Anandifunsanso ngati n'kwanzeru kupitiriza ndi waya wa kopa pomwe anzawo ambiri anasamukira ku intaneti ya mafoni a m'manja. Maganizo anga anali akuti aupitirize pakadali pano, chifukwa makilomita atatu a kopa amenewo ndi awo okha ndipo sagawana ndi khamu la anthu monga zimakhalira pa nsanja ya mafoni madzulo, komanso amalipira mtengo wokhazikika pa mwezi. Koma ndinawauza mosabisa kuti kopa pa mtunda wotere sangawapatse zoposa mamegabiti asanu ndi atatu kapena khumi, kuti VDSL2, mtundu wina wothamanga kwambiri wa intaneti ya pa waya wa kopa, imathandiza okhawo okhala mkati mwa kilomita imodzi kuchokera pa makina a kampani, ndiponso kuti akuba akadzadulanso waya angakhale masiku opanda intaneti. Tinagwirizana kuti agule rauta yokhala ndi malo a SIM khadi yoti izilowa m'malo waya akaduka, ndipo afunse kampani ngati fibre ingafike pa msewu wawo ndi mtengo wake. Ndinawasiyira pepala lokhala ndi manambala atatu a waya ali bwino, 43, 4,096 ndi 11, lomata pa khoma pafupi ndi modemu, kuti vuto likadzabweranso adzayambe kuwayerekeza ndi a tsikulo asanaimbire aliyense.